Ruth First, mwana wa alendo amene anagona ku Lhanguene

Ife a ku Tsangano mbatata ya kacewere timaidziwa bwino: kuibzala, kuikwezera, kuikumba, kenako kuikweza pa njinga ulendo wa ku msika. Mayi amene tiwerenge mbiri yake lero nayenso anachuka cifukwa ca mbatata, koma osati ya kwathu kuno. Inali ya ku Bethal, kum'mawa kwa Johannesburg. Dzina lake ndi Ruth First.

Makolo ake anali Ayuda. Bambo ake, a Julius First, anabadwira ku Latvia, ndipo mayi ake, a Matilda, anabadwira ku Lithuania. Masiku amenewo maiko awiriwa anali m'manja mwa mfumu ya Russia, ndipo Myuda sankaloledwa kukhala paliponse pamene wafuna. Mabanja ambiri anamanga katundu n'kukwera sitima za pamadzi, ena ku America, ena ku South Africa. A Julius ndi a Matilda anafika ku South Africa akali ana. Ruth anabadwira ku Johannesburg pa 4 Meyi 1925, m'nyumba imene munkakambidwa ndale kuposa za mapemphero, pakuti makolowo anali m'gulu loyamba la cipani ca Cikomyunizimu ca m'dzikomo.

Anaphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand n'kumaliza mu 1946. Ndi sukulu yomweyo imene Eduardo Mondlane anadzalowa pambuyo pake, boma la azungu lisanamuthamangitse mu 1949.

Tsopano za mbatata zija. Mu 1947 Ruth, ali mtolankhani wa zaka 22, anapita ku mafamu a ku Bethal pamodzi ndi Gert Sibande ndi m'busa Michael Scott. Zimene anaona n'zoopsa. Anchito ankavala masaka, kukumba mbatata ndi manja, kapitawo ali pambuyo ndi cikoti, usiku n'kuwatsekera m'makomboni ngati ng'ombe. Ambiri mwa iwo anali ocokera kunja, anthu opita ku Joni kukafuna nchito amene anagwidwa panjira. Agogo athu akamanena za cibalo, n'zinthu ngati zimenezi. Ruth analemba zonse m'nyuzipepala ya Guardian, ndipo nkhaniyi sanaisiye kwa zaka zambiri. Mu 1959 anthu akuda a m'dzikomo anagwirizana zoleka kugula mbatata, mpaka inaolera m'misika.

Mu 1949 anakwatiwa ndi Joe Slovo, Myuda mnzake wobadwira ku Lithuania, ndipo anabereka ana aakazi atatu. Mu 1956 onse awiri anali pakati pa anthu 156, Nelson Mandela alipo, amene anaimbidwa mlandu woukira boma. Mlanduwo unatha popanda wopezeka wolakwa. Koma mu Ogasiti 1963 apolisi anamugwira Ruth n'kumutsekera yekhayekha, popanda mlandu, popanda loya. Atakwanitsa masiku 90 anamuuza kuti azipita. Asanafike patali, anamugwiranso pompo. Apa mtima wake unasweka, mpaka anamwa mankhwala ambiri ofuna kudzipha, koma anapulumuka. Anakhala m'menemo masiku 117, ndipo buku lake lofotokoza za m'ndendemo analicha 117 Days. Cimene cinandigwira mtima ine n'cakuti za kufooka kwakeko sanabise. Ngwazi zambiri zikamalemba mbiri yao, zoterezi zimadumpha.

Mu Marici 1964 anacoka m'dzikomo ndi cikalata colola kutuluka koma coletsa kubwerera. Taonani: makolo anathawa dziko lina, mwana naye wathawa dziko limene makolowo anathawirako. A Julius nawonso, atakalamba kale, anathawanso kaciwiri.

Ku London anakhalako zaka zambiri, akulemba mabuku a za Africa, monga The Barrel of a Gun la 1970, lofufuza cifukwa cake asilikali amalanda maboma. Anaphunzitsa pa yunivesite ya Durham kuyambira 1973, ndi ku Dar es Salaam mu 1975. Cakudya cinalipo, nchito inalipo, koma maso anali kum'mwera. Amene munakhalapo ku Dedza kapena ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, inu a ku Tsangano ndi a ku Furancungo, simufuna kuti ndikufotokozereni. Munthu umadya nsima ya eni, kuthokoza, koma khutu lili kwanu.

Mu 1977 anabwera ku Maputo. Aquino de Bragança, mkulu wa Centro de Estudos Africanos pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, anamuitana, ndipo Ruth anadzakhala woyang'anira kafukufuku. Nchito yake yoyamba inali ya anthu a ku migodi. Mu 1975 amuna a ku Mozambique oposa 100,000 anali ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, koma pofika 1977 ciwerengero cinatsika kufika pafupifupi 40,000. Funso linali lakuti, nanga mabanja amene ankagula khasu, pulawo ndi ng'ombe ndi ndalama za ku mgodi adzatani? Ruth ndi anzake anapita ku midzi ya ku Inhambane kukafunsa eni akewo. Zimene anapeza zinadzatuluka m'buku la Black Gold mu 1983.

Kaphunzitsidwe kake nkofunika kwa ife aphunzitsi. Ophunzira ake ambiri anali akuluakulu, anchito a m'boma ndi a m'cipani, ena a sukulu yocepa. Sankawasiya m'kalasi ai. Caka ciliconse ankapita kumidzi kwa milungu ingapo, kugona komweko, kufunsa alimi, kulemba, kuwerengetsa. Anali wolankhula mosapsatira, ndipo ena ankamuopa. Ngakhale zolakwika za boma limene linamulandira ankazinena, makamaka pamene ndalama zinkathera m'minda ikuluikulu ya boma, mlimi wamba akusowa ndi khasu lomwe. Mu 1982 kafukufuku wa Centro anafika kwathu kuno, ku Angónia, nthawi imene Tsangano inali mbali ya Angónia. Anadzaona minda ya boma ya CAIA ndi moyo wa mabanja a alimi oizungulira. Malipoti ake anatuluka mu 1983, mwini wake kulibe.

Pa 17 Ogasiti 1982 Ruth anali mu ofesi yake ndi anzake, akutsegula makalata. Imodzi inali bomba locokera kwa apolisi a South Africa. Anafera pomwepo ali ndi zaka 57. Aquino de Bragança, Pallo Jordan ndi Bridget O'Laughlin anavulala. Craig Williamson, wapolisi amene anavomera kuti anatengapo mbali, anakhululukidwa ndi bungwe la coonadi ndi ciyanjano mu 2000, ngakhale ana a Ruth anakana.

Joe Slovo anabwerera kwao mu 1990, anakhala nduna ya za nyumba m'boma la Mandela, ndipo atamwalira mu 1995 anaikidwa ku Soweto. Ruth anaikidwa ku manda a Lhanguene ku Maputo, pafupi ndi anzake a ANC amene anaphedwa ku Matola mu Januwale 1981, ndipo ali komweko mpaka lero.