Imam Shafi'i, mwana wamasiye amene ankalemba pa mafupa

M'makalasi mwathu muli ana amene bambo awo anamwalira, ndi ena amene bambo awo anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Angapo a ku Ndirande ndi ku Bangwe akuleredwa ndi agogo. Mwana wotere amafika podziona ngati wotayidwa, ndipo sukulu imayamba kumukanika. N'chifukwa chake ulendo uno tasankha mbiri ya Imam Muhammad bin Idris al-Shafi'i (Allah awachitire chifundo), amene chiphunzitso chawo timachitsata Asilamu ambiri kuno ku Malawi pa wudhu ndi pa swala.

Anabadwira ku Gaza m'chaka cha 767, chomwe ndi 150 pa kalendala ya Hijra. Bambo awo anamwalira iwo ali wakhanda. Atakwanitsa zaka ziwiri, mayi awo anawatengera ku Makka kuti akakulire pakati pa abale a mtundu wa Quraish. Dzina la mtundu linali lalikulu, koma m'nyumba munalibe kanthu.

Apa ndi pamene tikufuna makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti aonetsetse. Mayiwo analibe cholipira mphunzitsi. Mphunzitsiyo sanamubweze mwanayo. Anagwirizana zoti aziyang'anira anzake iye akachokapo, ndipo malipiro anali omwewo. Mwana wamasiye anapeza malo, anapezanso ntchito yomusonyeza kuti ndi wofunika. Mapepala analibe, choncho ankatola mafupa n'kumalembapo zimene waphunzira. Pofika zaka 7 anali ataloweza Qur'an yonse.

Atasinkhuka anapita ku Madina kwa Imam Malik, buku la Al-Muwatta ali ataliloweza kale. Imam Malik atamwalira mu 795, Shafi'i anatsalanso opanda powirira. Anakagwira ntchito ya boma ku Yemen, komwe anawaneneza kuti akugwirizana ndi oukira ufumu, n'kuwatengera kwa Khalifa Harun al-Rashid ali m'maunyolo. Anadziyankhira okha, ndipo katswiri wa malamulo Muhammad al-Shaybani anawaikira kumbuyo. Atamasulidwa sanabwerere kwawo kukadandaula. Anakhala pansi n'kuyamba kuphunzira kwa al-Shaybani yemweyo.

Pambuyo pake analemba Al-Risala, buku lofotokoza mmene malamulo a Chisilamu amatengedwera kuchokera m'Qur'an ndi Sunna. Zaka zawo zomaliza anaphunzitsa ku Egypt, ndipo anamwalirira komweko mu 820.