MARTIN DE PORRES WOYERA, MWANA WOKANIDWA NDI BAMBO WAKE

Martin de Porres adabadwira mu mzinda wa Lima, m'dziko la Peru, m'chaka cha 1579. Bambo wake, Juan de Porres, anali mzungu wolemekezeka wa ku Spain. Mayi wake, Ana Velázquez, anali munthu wakuda womasulidwa ku ukapolo. Bamboyo sadafune kumuvomera mwanayo, kotero kuti m'buku la ubatizo mudalembedwa kuti bambo wake sadziwika. Atabadwa Juana, mlongo wake wa Martin, Juan adalisiya banjalo pa umphawi.

Patapita zaka, bamboyo adadzatenga ana ake napita nawo ku Guayaquil, koma posakhalitsa adambweza Martin ku Lima. Motero mwanayo adasiyidwa kawiri. Mwana wamasiye akamalira, anthu amamtonthoza; koma wokanidwa ndi kholo lamoyo amalirira mumtima, namaganiza kuti kapena cholakwa chili mwa iye.

Ali ndi zaka 12, Martin adaphunzira ntchito kwa munthu wometa tsitsi amene ankachizanso mabala. Ali ndi zaka 15, adalowa m'nyumba ya chipani cha Dominiko Woyera ngati wantchito wamba, wosesa ndi wotumikira, ndipo mu 1603 adachita malumbiro ake. Ngakhale m'menemo ena ankamnyoza chifukwa cha khungu lake. Iye sadabwezere. Usiku ankagwada nthawi yaitali patsogolo pa mtanda, kusinkhasinkha za Ambuye Yezu amene ophunzira ake adamthawa, ndipo pamenepo adazindikira kuti munthu angatayidwe ndi anthu, koma Atate akumwamba sataya mwana wao.

Bala la paubwana lidamtsekula maso kuti aziona ena otayidwa. Ankasamala odwala, akapolo ochokera ku Afrika ndi amphawi osowa chakudya. Odwala ena ankawagoneka kunyumba kwa Juana. Adapemphetsanso ndalama zotsegulira nyumba yolereramo ana amasiye ndi ana otayidwa. Amene adakula wopanda bambo adasanduka bambo wa ambiri.

Adamwalira pa 3 Novembala 1639, ndipo Papa Yohane XXIII adamlemba m'gulu la Oyera pa 6 Meyi 1962.

M'midzi mwathu muli ana amene makolo ao adatchona kapena adawakana. Akatekisiti ndi akhristu onse awayendere, awasimbire za Martin Woyera, ndi kuwatsimikizira kuti mlandu suli pa iwo.