Léon Harmel, Bambo Wabwino wa Antchito

Léon Harmel anabadwa pa 17 February 1829 m'chigawo cha Ardennes, m'dziko la France. Atate ake, a Jacques-Joseph Harmel, anali ndi fakitale yopota ulusi wa ubweya wa nkhosa pamalo otchedwa Val-des-Bois, kufupi ndi mzinda wa Reims. M'chaka cha 1854 Léon analandira udindo woyendetsa fakitaleyo, ali ndi zaka 25 zokha.

Masiku amenewo moyo wa antchito a m'mafakitale unali womvetsa chisoni ndithu. Amuna, akazi ndi ana omwe ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, malipiro ake osakwanira, ndipo wodwala kapena wokalamba ankangotayidwa ngati khasu lotha. Ambiri anali atasiya kupita ku Misa, poganiza kuti Eklezia ndi wa anthu achuma okhaokha.

Poyamba Harmel anayesa kuwabweza ndi mawu ake, koma omumvera anali owerengeka. Pamenepo anazindikira kuti wantchito akamamva bwana wake akulankhula za Mulungu, amavomera ndi pakamwa chifukwa cha mantha, mtima uli kwina. Sanabise kulephera kwakeko. Anadzichepetsa, nasiya ntchito yautumwi m'manja mwa antchito eni ake, kuti aliyense akope mnzake. M'chaka cha 1861 iye mwini analowa Chipani Chachitatu cha Fransisko Woyera, ndipo anaitana asisiteri ndi abulazala kuti adzaphunzitse ana a antchito.

Mavuto sanamulambalale. M'chaka cha 1870 mkazi wake Gabrielle anamwalira, namusiyira ana ambiri oti alere. M'chaka cha 1874 moto unapsereza fakitale, koma chifaniziro cha Amayi Maria chinapezeka chosapsa. Harmel anaimanganso fakitaleyo, naipereka m'manja mwa Maria Woyera. Munthu amene analira maliro m'nyumba mwake ndi kuona chuma chake chikusanduka phulusa sakanathanso kuona misozi ya wantchito ngati chinthu chachabe. Antchito anamutcha Bambo Wabwino, dzina limene ankatchulira atate ake kale.

Chinthu chachikulu chimene anachita ndicho kugawana mphamvu zake ndi anthu amene ankawalipira. Anakhazikitsa bwalo la fakitale, m'mene nthumwi zosankhidwa ndi antchito zinkakhala pansi ndi bwana kukambirana za malipiro, za ngozi za pantchito, za chilango ndi za maphunziro a achinyamata. M'bwalomo wantchito ankatha kunena poyera pamene zinthu zalakwika, ndipo bwana ankamvetsera. Thumba lothandiza odwala ndi sitolo yogulitsa zinthu pamtengo wotsika zinkayendetsedwanso ndi antchito. M'chaka cha 1891 anayambitsa thumba la mabanja: ngati malipiro a banja la ana ambiri sanali okwanira kudyetsa onse, thumbalo linkawonjezerapo.

Zimenezi anazilemba m'mabuku, ndipo lina mwa iwo, la m'chaka cha 1889, linali katekisimu wa olemba anthu ntchito, wa mafunso ndi mayankho. Anatsogoleranso antchito pa maulendo achipembedzo a ku Roma. M'chaka cha 1889 anapita anthu ngati 10,000, ndipo Papa Leo XIII anawalandira ngati ana ake. Pa 15 May 1891 Papayo anatulutsa kalata yotchuka ya Rerum Novarum, yophunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga wantchito, ndi kuti antchito ali ndi ufulu wokhala ndi mabungwe awo.

Chifukwa cha ufulu womwewo Harmel anasemphana maganizo ndi eni mafakitale anzake achikatolika a kumpoto kwa France. Iwowo ankafuna mabungwe osakaniza mabwana ndi antchito, koma iye anaima nji kuti antchito akhale ndi mabungwe awoawo, odziyendetsera okha. Anadzudzulidwa kwambiri, komabe sanabwerere m'mbuyo.

M'chaka cha 1914 nkhondo yaikulu inabuka, ndipo asilikali a Germany analanda dera la Val-des-Bois. Nkhalambayo inamwalira ku Nice pa 25 November 1915, kutali ndi antchito ake, ili ndi zaka 86.

Mkhristu aliyense amene ali ndi munthu womugwirira ntchito, kaya m'sitolo, pachigayo, m'munda kapena pakhomo, ali ndi funso loti adzifunse poganizira moyo umenewu. Kodi amadziwa ana amene malipiro akewo amadyetsa? Kodi wantchitoyo angathe kumuuza popanda mantha kuti walakwa? Harmel anapeza kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ulemu wake sunachepe pamene anapempha antchito ake kuti asenze naye.