John Weidner, Wogulitsa Nsalu wa ku Lyon

Tikamakamba za anthu a mpingo wathu pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ambiri timathamangira kwa Desmond Doss chifukwa tinaonera kanema wake. Dzina la John Weidner silimveka kawirikawiri m'makalasi mwathu, chonsecho gulu limene iye anatsogolera linapulumutsa anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo Ayuda.

Weidner anabadwira ku Brussels mu 1912. Makolo ake anali ochokera ku Netherlands, ndipo bambo ake anali m'busa wa Seventh-day Adventist. Banjali likukhala ku Switzerland, ana a sukulu ankayenera kuphunzira ndi Loweruka lomwe. M'busayo anakana kutumiza ana ake tsiku la Sabata, ndipo ankatsekeredwa chifukwa cha zimenezi. Choncho mwanayo anadziwa adakali wamng'ono kuti lamulo la boma likhoza kulakwa. Pambuyo pake bambowo anakaphunzitsa pa koleji yathu ya ku Collonges-sous-Salève, m'dziko la France, m'munsi mwa phiri la Salève, pafupi ndi Geneva. John ankakwera phirili mongosewera, mpaka analidziwa njira zake zonse.

Germany italanda France mu 1940, iye anatsegula bizinesi ya nsalu ku Lyon. Anayamba pang'onopang'ono, kuthandiza othawa nkhondo amene anatsekeredwa m'misasa. Kugwidwa kwa Ayuda kutakula mu 1942, anayamba kuwaolotsa usiku kupita ku Switzerland kudzera m'njira zija za paubwana. Ntchitoyi inakula n'kukhala gulu lotchedwa Dutch-Paris, la anthu oposa 300: Akatolika, Aprotestanti, Ayuda, ndi ena osapemphera n'komwe. Ena othawa ankawadutsitsa m'mapiri a Pyrenees kulowa ku Spain. Panafunika ziphaso zachinyengo ndi mayina abodza, ndipo mwana wa m'busa, woleredwa pa Malamulo Khumi, ankazikonza. Ife amene timakangana m'kalasi ngati Rahabi anachita bwino kunamiza anthu a mfumu ya Yeriko, tizikumbukira kuti kwa Weidner funsoli linkabwera ndi banja lathunthu litaima pakhomo.

Mu February 1944 mtsikana wina wonyamula mauthenga a gululi anagwidwa ku Paris ali ndi kabuku ka maadiresi. Atazunzidwa kwambiri, anaulula mayina. Anthu ambiri anamangidwa. Mmodzi mwa iwo anali Gabrielle, mlongo wake wa John, yemwe ankagwira ntchito ku likulu la mpingo ku Paris. Anamugwira Sabata la pa 26 February, n'kumutumiza ku msasa wa akazi wa Ravensbrück. Anamwalira mu February 1945, patangopita masiku ochepa asilikali a Russia atamasula msasa waung'ono umene anali. John mwiniyo anagwidwa ku Toulouse mu May 1944, koma anathawa podumpha pazenera.

Nkhani zambiri zimathera pazenera pamenepo, pomwe gawo lovuta linali lisanayambe. Nkhondo itatha, boma la Netherlands linamupatsa ntchito yofufuza anthu amene anagwirizana ndi a Nazi, ndipo anathandiza kusonkhanitsa umboni wa milandu yawo. Panalinso obwerera kuchokera ku misasa, odwala ndi osauka, komanso amasiye a amene sanabwerere. Popeza gululi linkagwira ntchito mobisa ndi mayina abodza, ambiri analibe pepala losonyeza zimene anachita. Weidner ankawadziwa, ndiye ankalemba makalata ndi malipoti owachitira umboni kuti maboma awazindikire ndi kuwathandiza. Ntchito ya pa desiki yotereyi palibe angaijambule kanema, koma kwa mayi wamasiye inali nkhani ya chakudya cha ana.

Nanga mtsikana uja? Anapulumuka ku misasa n'kubwerera pakati pa anthu amene abale awo anafa chifukwa cha mayina amene iye anatchula. Weidner, amene anataya mlongo wake pa nkhani yomweyo, anamukhululukira. Ife tikuona kuti kumeneku sikunali kufewa mtima chabe. Anali ataona yekha zimene ozunza amachita, ndipo mlandu anauika pa iwo, osati pa wozunzidwayo.

Mu 1955 anasamukira ku America, ndipo anadzatsegula masitolo a zakudya zopatsa thanzi ku California. Mu 1978 bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem linamulemba m'gulu la Olungama Pakati pa Mitundu. Anamwalira mu May 1994.

Mbiri yake tisaivale ngati malaya a mpingo wonse. Pa zaka zomwe iye ankakwera Salève usiku, mipingo ina ya Adventist ku Germany inkachotsa m'kaundula abale a mtundu wa Chiyuda, ndipo mabuku ena a mpingo ankatamanda Hitler. Atsogoleri athu a ku Germany ndi Austria anapepesa poyera za zimenezi mu 2005, Weidner atagona kale m'manda zaka 11.