Leonardo wa ku Pisa ndi Akalulu Ace

Aphunzitsi anzanga, manambala amene tilemba pa bolodi tsiku ndi tsiku anafala ku Ulaya ndi thandizo la munthu amene anawaphunzira kuno ku Africa. Ndiye Leonardo, wobadwira ku Pisa m'dziko la Italy ca m'ma 1170. Dzina lakuti Fibonacci linachuka iye atafa kalekale.

Atate wace, Guglielmo, anali kuyang'anira malonda a anthu a ku Pisa pa dooko la Bugia, m'dziko limene lero licedwa Algeria. Kumeneko mnyamatayo anaona Aluya alikuwerengera ndi zizindikiro zisanu ndi zinai za ku India pamodzi ndi 0, pamene kwao anali kubvutikabe ndi zilembo za Aroma. Amene anayesapo kucurukitsa XXVII ndi XIV adziwa thukuta lace. Atayendanso ku Egypt, Syria, Greece ndi Sicily, analemba buku la Liber Abaci mu 1202, nalikonzanso mu 1228.

M'bukumo muli samu ya akalulu. Munthu atsekera banja limodzi m'khola; banja lililonse libala banja lina mwezi ndi mwezi, ana nayamba kubala pa mwezi wao waciwiri, ndipo palibe wakufa. Nanga caka cikatha adzakhala mabanja angati? Leonardo anatsata mwezi umodzi umodzi: 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, kufikira 377. Cifukwa cace ndi ici: a mwezi uno ndiwo onse a mwezi wathawu, kuonjezapo obadwa tsopano; ndipo obadwawo alingana ndi mabanja a mwezi winawo, pakuti ndiwo okha akhwima. Tsono nambala iliyonse ituruka pophatikiza ziwiri zotsiriza.

Umo ndimo kompyuta icitira lero: isunga mndandanda, iphatikiza ziwiri za kumapeto, ilemba yankho pamzere pomwepo, nibwerezanso. Ana anga kuno ku Chunga acita comweco ndi zitsekero za mabotolo. Kumudzi njere za cimanga zikwanira. Koma powaphunzitsa tisawanamize kuti Leonardo ndiye woyamba, popeza Hemachandra wa ku India anaudziwa mndandandawu ca m'ma 1150, powerenga mayendedwe a ndakatulo.

Mbiri yace inafika kwa mfumu Frederick II, amene akatswiri ace anamuyesa ndi masamu obvuta. Buku la Liber Quadratorum la 1225 analipereka kwa mfumuyo. Ca m'ma 1240 akuru a Pisa anamuikira malipiro a caka ndi caka cifukwa ca kuthandiza mzindawo pa zowerengera, ndipo kalata imeneyo ndiyo yotsiriza kumchula ali moyo.