Michael Faraday, Mnyamata Wosoka Mabuku

Kodi munaonapo njinga yokhala ndi nyale yoyaka popanda mabatire? Pafupi ndi tayala pamakhala kanthu kacitsulo kooneka ngati kabotolo. Dzina lake ndi dainamo. Mukachova njinga, nyale iyaka. Mukaima, nayonso izima. Munthu amene anatulukira cinsinsi ca zimenezi ndi Michael Faraday.

Michael anabadwa pa 22 September 1791, pafupi ndi mzinda wa London, m'dziko la England. Atate ake anali osula zitsulo, monga aja amene amatisulira makasu ndi nkhwangwa kumudzi. Koma anali kudwaladwala, motero ndalama zinali zosowa pakhomo. Nthawi ina cakudya cinadula kwambiri. Michael anali kulandira buledi umodzi woti adye sabata yonse. Tangoganizani, sabata yonse!

Kusukulu sanapite patali. Anaphunzira cabe kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono. Atakwanitsa zaka 13, anayamba nchito pa sitolo ya mabuku ya a George Riebau. Nchito yake inali kupereka manyuzipepala m'makomo mwa anthu. Patapita caka, a Riebau anayamba kumuphunzitsa kusoka mabuku. Anali kusonkhanitsa mapepala, kuwasoka ndi ulusi, ndi kumata cikuto colimba. Anaphunzira nchito imeneyi zaka 7.

Koma Michael sanali kungosoka ai. Buku likafika m'manja mwake, anali kuliwerenganso. Tsiku lina anthu anabweretsa buku lalikulu lochedwa Encyclopaedia Britannica. M'kati mwake anapezamo nkhani ya magetsi. Masiku amenewo kunalibe malaiti m'nyumba, ngakhale m'nyumba ya mfumu. Anthu anali kuunikira makandulo ndi nyale za mafuta. Magetsi anali cinthu cacilendo cimene anthu ophunzira okha anali kuyesa kucimvetsa.

Nkhani ija inamukondweretsa kwambiri Michael. Mau ena anali ovuta, koma anabwerezabwereza mpaka kumva. Anatola mabotolo akale ndi matabwa, nagula tuzinthu twina ndi tundalama twake. Anapanga kamakina kotulutsa tumoto twa magetsi. Anafuna kuona ndi maso ake ngati zimene buku linanena zinali zoona.

M'caka ca 1812, munthu wina wogula mabuku anamupatsa matikiti. Anali a kumalo a sayansi ochedwa Royal Institution. Kumeneko kunali kuphunzitsa katswiri wochuka, a Humphry Davy. Michael anakhala phee, kumvetsera ndi kulemba zonse. Atabwerera, anazilembanso bwinobwino, najambula zithunzi, nasoka buku lokongola. Buku limenelo anatumiza kwa a Davy pamodzi ndi kalata yopempha nchito.

M'caka ca 1813 a Davy anamulemba nchito. Poyamba anali kutsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Pambuyo pake anatsagana ndi a Davy pa ulendo wautali wa ku France ndi ku Italy. Ulendowo sunali wokoma nthawi zonse. Akazi ao a Davy anali kumupeputsa cifukwa anali mwana wa anthu osauka. Michael anamva kuwawa mumtima, koma sanaleke kuphunzira.

Zaka zinapita. Mnyamata uja anakula, nakhala a Faraday. M'caka ca 1821 anakwatira a Sarah Barnard. Caka comweco anapanga cinthu codabwitsa. Anaika maginito pakati, nalendewetsa waya pambali pake. Atalowetsa magetsi a batire mu waya, waya uja anayamba kuzungulira maginito yekha, popanda womukankha. Iyi ndiyo inali mota yoyamba ya magetsi. Cigayo ca magetsi cimene cimagaya cimanga pa boma la Petauke cimazungulira ndi mota. Ndi mdzukulu wa kawaya kaja!

Koma a Faraday anali ndi funso lina. Ngati magetsi angayendetse waya pafupi ndi maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Anayesa, zinakanika. Anayesanso, zinakanikanso. Anali kuika maginito pafupi ndi waya ndi kudikira, koma panalibe cocitika. Zaka 10 zinatha.

M'caka ca 1831 yankho linapezeka. Anakulunga waya wautali mozungulira, monga mmene amai amapotera nkhata. Nsonga za waya anazilumikiza ku kacipangizo kokhala ndi kasingano. Kasinganoko kanali kugwedezeka magetsi akadutsa. Ndiyeno anatenga maginito nalowetsa pakati pa waya uja. Kasingano kanagwedezeka! Anasiya maginito ali m'kati. Kasingano kanangoti zii. Anawatulutsa msanga. Kasingano kanagwedezekanso, koma kuloza mbali ina.

Cinsinsi cinali comweco basi. Maginito ongokhala sabala magetsi. Afunika kuyenda. Ndiye cifukwa cake nyale ya njinga imazima mukaima. Mu dainamo muli maginito ndi waya wokulunga, ndipo tayala ndilo limazungulitsa maginitowo.

Ku damu la Kariba, pa mtsinje wa Zambezi, zimacitika cimodzimodzi. Kumeneko kulibe munthu wochova. Madzi ambiri amatsika mwamphamvu ndi kuzungulitsa makina akuluakulu. M'makinamo muli maginito ndi mawaya. Magetsi akatuluka amayenda m'nthambo pa mapolo, mtunda wautali, mpaka kufika m'matauni. Madzi akacepa m'damu cifukwa ca cilala, makina ena amaima. Pamenepo mumamva anthu akudandaula kuti malaiti apita.

A Faraday anali kukonda kuwaza tuzidutswa twa citsulo pa pepala, maginito ali pansi pake. Tuzitsulo tuja tunali kundanda m'mizere yokhota. Iwo anaona kuti mphamvu ya maginito imadzaza malo onse owazungulira, ngakhale kuti sitiiona. Akatswiri ena sanavomereze msanga. Iwo anali kufuna masamu, ndipo a Faraday masamu ovuta sanali kuwadziwa.

Thandizo linacokera kwa mnyamata wa ku Scotland, James Clerk Maxwell. Iye anabadwa mu 1831, caka comwe cija ca kasingano. Masamu anali kuwadziwa kwambiri. Anawerenga mabuku a Faraday mosamala, nalemba maganizo ao m'masamu. M'caka ca 1873 anatulutsa buku lalikulu la magetsi ndi maginito. Mpaka lero, ophunzira sayansi pa yunivesite ya UNZA ku Lusaka amaphunzira masamu a Maxwell m'mabuku ao onenepa.

A Faraday analibe ana, koma anali kukonda ana kwambiri. Pa nyengo ya Khirisimasi anali kuwaitana ku Royal Institution ndi kuwaonetsa zodabwitsa za sayansi. Nthawi ina anawaphunzitsa za kandulo cabe, mmene amayakira ndi kumene phula lake limapita. Maphunziro a ana amenewo akali kucitika ku London caka ndi caka.

Atachuka, anzao anafuna kuwapatsa udindo waukulu wotsogolera akatswiri a sayansi. Iwo anakana. Atakalamba anayamba kuiwalaiwala, ndipo analeka nchito. Anamwalira pa 25 August 1867, ali ndi zaka 75. Manda ao ali ku Highgate, mumzinda wa London.

Mafunso

1. Kodi atate ake a Michael anali kugwira nchito yanji?
2. Michael anaipeza kuti nkhani ya magetsi?
3. Cinacitika nciani ku kasingano pamene maginito analeka kuyenda?
4. Nciani cimazungulitsa makina ku Kariba?
5. Chulani zinthu zitatu za kwanu zimene zimagwira nchito ndi magetsi.