Kazimierz Nowak: Bambo yemwe adadutsa Africa panjinga kuti ana ake adye

Mu Novembala 1936, mzungu wina adalowa mumzinda wa Algiers, kumpoto kwa Africa, akupalasa njinga, thupi litafooka ndi malungo.

Mkuluyu adali atatha zaka zisanu ali paulendo ndipo adali atayenda makilomita pafupifupi 40 000, mtunda womwe ndi wofanana ndi kuzungulira dziko lonse lapansi kamodzi.

Dzina lake lidali Kazimierz Nowak, nzika ya dziko la Poland. Palibe boma kapena mpingo womwe udamutuma, ndipo m'thumba mwake mudalibe chuma. Chomwe chidamuchotsa pakhomo ndi chomwe chimachotsa abambo ambiri mpaka lero: kusaka chakudya cha ana.

Nowak adabadwa pa 11 Januwale 1897 m'tauni ya Stryj, yomwe lero ili m'dziko la Ukraine. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, adasamukira mumzinda wa Poznań komwe adapeza ntchito ya mu ofesi.

Mu 1922 adamanga banja ndi Maria ndipo awiriwa adabereka ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Koma zinthu pakhomopo sizidayende bwino. Dziko la Poland lidali litangopeza kumene ufulu mu 1918, chuma chidali chosakhazikika ndipo ntchito zimasowa.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu Malichi 1925, Nowak adatenga njinga ndi kamera n'kuyamba kuyenda maiko akunja. Nzeru yake idali yoti azijambula zithunzi ndi kulemba nkhani za komwe wafika, kenako azizigulitsa ku nyuzipepala za kwawo.

Mwanjira imeneyi adapalasa m'maiko monga Hungary, Austria, Italy, Belgium, Romania, Greece ndi Turkey. Mu 1928 adaponda nthaka ya Africa koyamba pomwe adafika m'dera lomwe lero ndi Libya, koma adabwerera chifukwa cha matenda komanso kuchepa kwa ndalama.

Ulendo wolepherawo udamusiyira njala yoona Africa yense. Ndipo pomwe mavuto a zachuma omwe adayamba mu 1929 adakuta maiko ambiri, bamboyu adaona kuti kukhala pakhomo sikungamuthandize.

Pa 4 Novembala 1931 adatsanzika banja lake n'kulowera ku Italy komwe adakwera sitima ya pamadzi. Pa 26 Novembala adatsikira mumzinda wa Tripoli ndi njinga yake ya mtundu wa Brennabor yomwe idali itagwira kale ntchito zaka zisanu ndi ziwiri.

Idali nthawi yoipa kuyenda ku Libya. Dzikolo lidali m'manja mwa atsamunda a ku Italy, omwe miyezi iwiri m'mbuyomo adali atanyonga Omar Mukhtar, mtsogoleri wa anthu omwe amalimbana ndi ulamuliro wawo.

Nowak adalunjika kumwera, m'chipululu cha Sahara, komwe nthawi zambiri matayala amatitimira mumchenga ndipo amachita kukankha njingayo. Atafika pachitsime cha Maradah mu 1932, akuluakulu a ku Italy adamuletsa kupitirira ndipo adamulamula kuti abwerere kugombe la nyanja, adzere ku Benghazi mpaka ku Alexandria m'dziko la Egypt.

Kuchoka kumeneko adatsata mtsinje wa Nile, kudutsa Egypt ndi Sudan, mpaka adalowa m'dziko la Congo lomwe limalamulidwa ndi Belgium. Adadzera kudera la mapiri komwe lero kuli Rwanda ndi Burundi, kenako adatsikira ku Rhodesia, komwe lero kuli maiko a Zambia ndi Zimbabwe.

Mwina ena angafunse kuti kodi banja limadya chiyani nthawi yonseyi? Nowak akafika pamalo pomwe pali positi ofesi amatumiza nkhani ndi zithunzi ku Poland. Nyuzipepala ndi magazini zikasindikiza, ndalama zake ndi zomwe zimathandiza Maria ndi ana. Izi zikutanthauza kuti akadwala kapena katundu akachedwa panjira, kunyumba nako kumavuta.

Thandizo lomwe amalandira kuchokera kwawo lidali matayala a njinga omwe kampani ya Stomil imamutumizira.

Umphawi wakewo ndi womwe udapangitsa kuti aone Africa mosiyana ndi azungu anzake. Masiku amenewo mzungu amayenda pagalimoto kapena pamachila, kumbuyo kuli mnzere wa anthu omusenzera katundu. Nowak amayenda yekha, amagona m'katenti kapena m'midzi, ndipo njala ikamupweteka amadalira eni mudzi kuti amugawire chakudya ndi madzi.

Poti amayenda pang'onopang'ono, amaona zomwe wapagalimoto sakadaona. M'nkhani zake adadzudzula momwe atsamunda amazunzira anthu akuda ndi kudyera masuku pamutu chuma cha maiko awo.

Izi sizidasangalatse ena kwawo. Nthawi imeneyo ku Poland kudali bungwe lamphamvu lomwe limalimbikitsa zoti dzikolo nalonso lipeze madera owalamulira kunja, ndipo poti Nowak samagwirizana ndi maganizowo, bungwelo silidamulabadire.

Mu Epulo 1934, patatha zaka ziwiri ndi theka, adafika ku Cape Agulhas m'dziko la South Africa, pomwe pamathera nthaka ya Africa chakumwera.

Munthu wina akadati ulendo wathera pomwepo. Angerezi ena omwe adachita chidwi ndi kulimba mtima kwake adafuna kumugulira tikiti ya sitima kuti abwerere kwawo mwaulemu, koma iye adakana. Adasankha kubwerera pamtunda, kudzera chakumadzulo kwa Africa.

Ulendo wobwererawu udali wowawa kuposa woyamba uja. Ali m'chipululu cha South West Africa, yomwe lero ndi Namibia, njinga ija idatheratu. Mlimi wina wa ku Poland yemwe amakhala kumeneko adamupatsa kavalo, ndipo Nowak adayenda makilomita pafupifupi 3 000 pamsana pa akavalo mpaka kulowa m'dziko la Angola.

Atafika pamtsinje wa Kasai adapeza bwato lomwe adalitcha Poznań I pokumbukira mzinda wa kwawo. Bwatoli lidaphwanyika pamathithi, zomwe zidachititsa kuti ayende wapansi makilomita mazanamazana.

Kenako adagula bwato lina n'kulitcha Maryś, dzina lachikondi lomwe amaitanira mkazi wake. Ndi bwato limeneli adafika ku Léopoldville, mzinda womwe lero ndi Kinshasa, mu Sepitembala 1935.

Kuchoka apo adakweranso njinga mpaka kunyanja ya Chad. Kumeneko atsamunda a ku France adamukaniza kudutsa Sahara panjinga ali yekha. Nowak adagula ngamila ndipo adatha miyezi isanu ali pamsana pake mpaka adafika ku Ouargla m'dziko la Algeria.

Makilomita 1 000 omwe adatsala kuti afike ku Algiers adawamaliza monga momwe adayambira, akupalasa njinga.

Ngakhale adachita zazikulu chonchi, bamboyu adachoka mu Africa ali wosauka monga momwe adabwerera. Ali ku France adachita kugulitsa zithunzi kuti apeze ndalama yoyendera. Adafika ku Poznań kutatsala masiku ochepa kuti Khrisimasi ya 1936 ikwane, ndipo adapeza ana omwe adawasiya ali aang'ono atasinkhuka.

Chuma chenicheni chomwe adabwera nacho chidali zithunzi zoposa 10 000. Adayamba kuyenda m'mizinda monga Poznań, Kraków ndi Warsaw kuonetsa zithunzizo ndi kufotokoza za anthu omwe adakumana nawo. Amalingaliranso zolemba buku komanso zokonza ulendo wina.

Koma thupi lidali litatha. Malungo omwe adamugwira mobwerezabwereza adamufooketsa, ndipo mwendo wake udayamba kuvuta mpaka adachitidwa opaleshoni. Ali m'chipatala adagwidwa ndi chibayo ndipo adamwalira pa 13 Okotobala 1937 ali ndi zaka 40.

Banja lomwe adalisiya zaka zisanu lidangokhala naye miyezi yosakwana khumi.

Patangotha zaka ziwiri, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idabuka, kuyambira ku Poland komweko, ndipo dzina la Nowak lidaiwalika kwa zaka zoposa 60.

Mu 2000, mlembi wina wa ku Poznań, Łukasz Wierzbicki, adatolera nkhani za malemuyu zomwe zidamwazikana m'nyuzipepala zakale n'kuzisindikiza m'buku limodzi. Adalembanso buku la ana lofotokoza za ulendowu. Makalata omwe Nowak amalembera Maria ali mu Africa nawonso adadzasindikizidwa.

Kuyambira mu 2009, magulu a anthu a ku Poland adayenda molandizana panjinga kutsata njira yomwe iye adadzera. Iwo amayenda angapo pagulu lililonse ndipo amasinthana pakapita milungu ingapo, pomwe mwini njirayo adaiyenda yekha.

Pa 25 Novembala 2006, mtolankhani wotchuka Ryszard Kapuściński, yemwe nayenso adalemba zambiri za Africa, adavundukula chikwangwani chokumbukira Nowak pasiteshoni ya sitima ya ku Poznań, mzinda womwe bamboyu adachokera ndi njinga yakale pokasaka chakudya cha ana ake.